Makina akakana kudzuka, funsani chifukwa

Pali mawu amene afala m'maofesi athu, kuyambira pa Chileka kufikira ku Lirangwe, ndipo munthu akawamva amangopinda mapepala ake nabwerera kwawo ali khuma: "Netiweki yavuta, mubwerenso mawa." Mawuwa amanenedwa monga za mvula, imene palibe angailamule, koma kawirikawiri kuseri kwake kumakhala kompyuta yaikulu, imene amisiri amaitcha seva, imene yakana kudzuka pa chifukwa chodziwika, ndipo chifukwacho makinawo amachilemba okha kuti wofuna kuwerenga awerenge.

Taonani mmene zimakhalira. Magetsi a ESCOM akathima mwadzidzidzi nabweranso, seva iyenera kudzutsa mapulogalamu ake mwadongosolo: poyamba Linux, kenaka nkhokwe ya zolembedwa monga MySQL, ndipo pambuyo pake pulogalamu yoikira nkhani ndi mafomu pa intaneti, monga WordPress. Nkhokweyo ikalephera kutseguka, kapena mawu achinsinsi a mu fayilo ya malangizo akasiyana ndi enieni pa chilembo chimodzi chokha, kapena malo osungira zinthu akadzaza, kapenanso pulogalamu ina ikatsogola kukhala pa khomo la nambala 80 lolowera alendo, zonse zimaima chilili, ngakhale nyali za makinawo zikuthwanima bwinobwino.

Pamenepa mpamene mmisiri weniweni amasiyana ndi wongoyerekeza. Wopupuluma amathimitsa ndi kuyatsa kambirimbiri, nazula zingwe, ndipo mtima ukamukwera amafufuta zonse kuti ayambe mwatsopano, potero nataya ntchito ya zaka. Wodekha amatsekula kaundula wa zochitika, amene anzake amati log, nawerenga mizere yomalizira ndi chala pagalasi, akatero amafunsa eni ofesi kuti, "Kodi chasintha n'chiyani chiyambire dzulo?" Asanakhudze fayilo iliyonse amayamba waikopera pambali, nasintha chinthu chimodzi, nayesa, kenaka n'kupita pa china. Akulu adanenetsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina angati izi n'zazing'ono. Koma tikumbukire za mu February 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti adalowereredwa ndi mbava za pa kompyuta zimene zinkafuna dipo. Ntchitoyo idaima kwa masabata ndithu, ndipo amalonda a ku Johannesburg, ophunzira ndi odwala ofuna chithandizo kunja, amene akadakwera ndege pa Chileka pomwepa, adangokhala manja lende. Izi zidachitika boma litathetsa kale, m'chaka cha 2021, mgwirizano wake ndi Techno Brain, kampani imene idaika makinawo. Kaya vuto lidayambira pati, phunziro lake lili poyera: makina akagwa, amadzuka msanga pokhapokha ngati zolembedwa zake zidasungidwa kwina, ndipo eni nyumba akudziwa okha mmene adamangidwira.

Chomwecho ndikupemphani inu aphunzitsi aakulu, inu oyang'anira zipatala zazing'ono ndi inu akulu a mabungwe a m'dera lathu lino, amene mwalandira makompyuta ndi manja awiri: gulani kope, ndipo mmisiri aliyense wokhudza makina anu alembemo tsiku ndi chimene wasintha. Zolembedwa zanu zikoperedwe sabata ndi sabata, nizisungidwe m'nyumba ina. Mawu achinsinsi asakhale m'mutu mwa mnyamata mmodzi yekha, amene mawa angapeze ntchito ku Lilongwe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Batire lochirikiza makina magetsi akathima ndi lotsika mtengo poyerekeza ndi seva yatsopano.

Ndipo tsiku limene wantchito wanu adzati netiweki yavuta, musafulumire kubweza anthu amene ayenda mtunda wautali. Yambani mwamufunsa ngati wawerenga zimene makinawo alemba.