Magetsi Akazima, Tiyambe ndi Chiyani?

 Pa tsamba lathu la za m'banja mwezi uno tifuna tikambirane zimene banja liyenera kuchita pa maora oyamba magetsi akazima, makamaka pamene zikuoneka kuti mdimawo ukhala kwa masiku angapo.

Kapena wina adzati, “Ife a ku Tete, eni ake a Cahora Bassa, tidandaulenso za mdima?” Ndi zoona kuti damu lalikulu lija la ku Songo, limene linatseka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1974, lili ndi mphamvu yopanga mamegawati 2,075, ndipo magetsi ake ambiri amayenda makilomita oposa 1,400 kukafika kufupi ndi Johannesburg. Koma magetsi amafika pakhomo pathu kudzera pa waya, ndipo waya amadalira nsanja ndi mitengo imene ikhoza kugwa. Achikulire akukumbukira kuti pa nthawi ya nkhondo nsanja za waya wopita ku South Africa zinagwetsedwa, ndipo kwa zaka zoposa khumi damu linalipo koma njirayo inali yotsekeka. Tonsefe tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè kufikira unagumula mlatho wa pakati pa Moatize ndi mzinda wa Tete. Namondwe yemweyo anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, abale athu a ku Malawi nagona mu mdima dziko lonse, ndipo makina a pamalopo anayambanso kugwira ntchito m'chaka cha 2023. Mu 2024 chilala chinaphwetsa nyanja ya Kariba, ndipo mabanja a ku Zambia ankakhala maora ochuluka a tsiku opanda magetsi. Choncho mvula ikachuluka magetsi amathawa, ikasowa amathawanso. Tsiku lotere lidzatifikiranso, ndipo ndi bwino litipeze tikudziwa choyamba ndi chiti.

Mtima wa munthu umafulumira kuthamangira ku katundu. Magetsi akangozima bambo aganiza za foni, mayi aganiza za nyama ya m'firiji, ana adandaula za kanema. Koma dongosolo loyenera ndi lakuti tiyambe ndi chimene chingaphe munthu msanga, titsirize ndi chimene chingatitayitse ndalama. Ndalama ikatayika tidzaipezanso, koma mwana akapita sabwerera.

Choyamba tsono, tiwerenge anthu. Ana ali kuti? Agogo ali m'nyumba? Alipo amene wapita kumsika kapena kokatunga madzi? Ngati magetsi azima chifukwa cha mphepo ndi mvula, ngozi yaikulu ili panja, pa mawaya ogwa. Waya wogwa akhoza kukhala ndi moto ngakhale dera lonse lili mu mdima, ndiponso amisiri a EDM akakonza malo ena magetsi amabwerera osagogoda pakhomo. Tiuze ana momveka kuti asakhudze waya, asaponde m'madzi amene wagweramo, ndipo ayime patali mamita khumi kapena kuposa. Munthu akagwidwa ndi waya tisamukoke ndi manja, chifukwa tidzagwidwa naye limodzi. Tizimitse magetsi ngati nkotheka ndi kuitana thandizo. M'nyumba tizule mapulagi a ayironi, chitofu, firiji ndi kanema, pakuti magetsi pobwerera nthawi zina amadza ndi mphamvu yopitirira muyeso, ndipo ayironi yoiwalika pa nsalu ikhoza kuyatsa nyumba. Tisiye babu limodzi lotidziwitsa kuti abwera. Ngati madzi akulowa m'nyumba, tizimitse switchi yaikulu ya pafupi ndi mita ya Credelec, manja ali ouma, titaima pouma.

Chachiwiri, tisamale moto umene tikuyatsa kuti uthamangitse mdima. Kandulo ndi koloboyi zisayandikire neti ya udzudzu, makatani kapena denga la udzu, ndipo asasiyidwe nazo mwana yekha. Kandulo iyime m'mbale ya chitsulo, ndipo wotsiriza kugona aizime. Tochi kapena nyali ya sola ndi yabwino koposa, ndipo ikhale ndi malo ake odziwika kwa aliyense, kuti ngakhale mwana aipeze mopapasa. Inu abale a ku Zóbuè, kumene kumazizira m'miyezi ya Juni ndi Julayi, tikupemphani kuti musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka. Makala oyaka amatulutsa mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo, ndipo banja lonse likhoza kugona osadzukanso. Jenereta nayo imatulutsa mpweya womwewo, choncho ikhale panja, kutali ndi mawindo, ndipo tisathiremo petulo ikadali yotentha. Amene alumikiza jenereta ku mawaya a nyumba osazimitsa switchi yaikulu akutumiza moto ku mawaya a mumsewu, kumene mmisiri wakwera pa mtengo akukhulupirira kuti wayayo ndi wozizira. Mmisiriyo ali ndi mkazi ndi ana, ndipo mwazi wake udzafunsidwa kwa ife.

Chachitatu ndi madzi, ndipo apa tifuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri timaiwala kuti madzi a pampopi amakankhidwa ndi magetsi. Makina opopa akaima, madzi otsala m'mathanki ndi m'mapaipi amatuluka kwa kanthawi, kenako mpopi umauma. Chotero ora loyamba ndilo la kutunga, mpopi usanayambe kulira mphepo. Tidzaze zigubu, ndowa, miphika ndi chilichonse choyera chokhala ndi chivundikiro. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 pa munthu mmodzi pa tsiku, a kumwa, kuphikira ndi kusamba m'manja. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lifunika malita 90, ndiwo pafupifupi zigubu zisanu za malita 20, pa tsiku limodzi lokha. Ku Moatize, kumene kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40, makanda ndi okalamba amafooka msanga fani ikaima, ndipo ayenera kupatsidwa madzi kawirikawiri, osadikira kuti apemphe.

Mpopi ukauma anthu amatsikira ku zitsime zosatetezedwa ndi kumtsinje, ndipo matenda amalowera pomwepo. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo unafikanso kuno ku Mozambique. Madzi a kumtsinje ndi a pachitsime tiwawiritse kufikira atabwadamuka kwa mphindi yathunthu, kapena tithiremo Certeza monga mwa malangizo a pa botolo ndi kudikira mphindi 30 tisanamwe. Akumwa akhale m'chigubu chakechake, chovundikira, chosalowetsamo kapu ya aliyense. Wina akayamba kutsegula m'mimba, tisungunule masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino, tizimumwetsa pang'onopang'ono tili pa ulendo wa kuchipatala. Tisadikire kuti kuche.

Chachinayi ndicho chakudya ndi mankhwala. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maora pafupifupi anayi, ndipo firiza yodzaza ikhoza kupirira masiku awiri, koma m'nyumba ya malata ya ku Moatize tisayembekezere kuti zifika pamenepo. Kutsegula kulikonse kumataya kuzizira, choncho ana auzidwe kuti chitseko chake si chosewera nacho. Tidye poyamba zimene zionongeka msanga, ufa, nyemba, kapenta ndi mfutso zidikire. Nyama ndi nsomba zikayamba kusungunuka tisakhale pansi ndi kuziyang'ana. Makolo athu analibe firiji, koma ankadziwa kuwamba pa moto ndi kuthira mchere, monga achitira asodzi a nsomba ya chicoa kufikira lero. Zimene sitingathe kuwamba tiphike ndi kugawira anansi zikadali zabwino, pakuti ndi chinthu cha manyazi kukwirira nyama yovunda pamene khomo loyandikana nalo lagona ndi masamba okha. Koma yasintha fungo kapena yakhala pofunda maora ambiri itayidwe, ngakhale inagulidwa modula. Tikumbukirenso kuti zigayo zambiri ndi za magetsi, ndipo nyumba imene imadikira kuti ufa uthe m'dengu isanapite kuchigayo idzabwerera ku mtondo ndi musi. Amene amabaya jakisoni wa matenda a shuga asunge mankhwalawo pa mthunzi, mu mtsuko wa dothi wonyowetsedwa kunja, ndipo afunse a chipatala lero lino, ngozi isanadze, kuti angasungike motero kwa nthawi yaitali bwanji. Akumwa ma ARV ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi asadumphe tsiku chifukwa cha chipwirikiti.

Chachisanu, tisunge njira yomvera ndi yolankhulira. M'nyumba ya mafoni anayi tizimitse atatu, imodzi ikhale ya uthenga wofunika. Nsanja za mafoni zimadalira mabatire ndi mafuta amene amatha, ndipo netiweki ikagwa ndalama za pa M-Pesa ndi e-Mola sizituluka. Ndi nzeru kukhala ndi mametikali ochepa a m'manja osungidwa padera, ogulira makala, mabatire kapena kulipirira njinga yamoto yonyamula wodwala. Wailesi ya mabatire imatibweretsera machenjezo a INAM ndi INGD ngakhale foni itafa. Mphekesera zimabala msanga mu mdima, ndipo Mkhristu asakhale wofalitsa chimene sanatsimikize.

Zisanuzi zikachitika, ntchito ya banja la Chikhristu sinathe, chifukwa mpanda wa nyumba yathu si malire a udindo wathu. Pa Mateyu 25 Ambuye anafanizira kubwera kwawo ndi anamwali khumi, asanu ochenjera amene anatenga mafuta a nyali zawo nthawi isanakwane, ndi asanu opusa amene anathamangira kwa ogulitsa pakati pa usiku. Fanizoli likunena za kukonzekera kwa mzimu, ndipo mafuta amenewo sabwerekeka. Aliyense ayenera kukhala ndi ake. Koma chaputala chomwecho chikutha ndi Mfumu imene ikufunsa za anjala, aludzu ndi odwala. Madzi a m'chigubu amagawika, tochi imabwerekeka, ndipo amene anakonzekera ndiye amene ali ndi chogawa. Timakonzekera kuti tsikulo likadza tidzakhale ndi chopereka kwa mayi wamasiye wa pafupi nafe, amene alibe womutungira madzi.

Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha akulu a mpingo ndi atumiki kuti m'dera lililonse adziwe mayina a okalamba okhala okha, amayi oyembekezera amene masiku awo ayandikira, olumala ndi odwala matenda a mgonagona, ndipo agwirizane tsopano kuti ndani adzagogoda pa khomo liti. Amayi a Chigwirizano, amene amadziwa kale nyumba zimene muli odwala, atsogolere pa nkhani ya madzi abwino. Achinyamata, amene ali ndi mphamvu ndi njinga, akhale otunga ndi otumidwa. Mpingo umene uli ndi sola pa denga la tchalitchi utsegule khomo kuti anthu atchaje mafoni, osayang'ana kuti uyu ndi wa mpingo uti. Ndipo mapemphero a Lamulungu asalephereke chifukwa zokuzira mawu zazima, pakuti makolo athu anapembedza Mulungu zaka zambiri ndi mawu a pakamwa pokha.

Tikupemphani kuti Loweruka likudzali banja lililonse likhale pansi, bambo, mayi ndi ana, ndi kufunsana: tochi ili pati, ndipo mabatire ake ndi amoyo? Zigubu zilipo zingati? Certeza alipo? Switchi yaikulu amaidziwa ndani? Nanga ndi khomo liti la mnansi limene tidzayamba kugogoda? Mayankho amenewa safuna chuma chambiri, ndipo apezeke dzuwa likadali kuwala.

Ambuye amene sawodzera kapena kugona asunge mabanja anu, usana ndi usiku. Tidzakumananso pa tsamba lino mwezi wa mawa.