Kompyuta ili ndi khutu limodzi

Teremu yathayi ndidatsala pang'ono kulakwira mwana wa eni ake, ndipo yondisocheretsa idali kompyuta yanga yomwe.

Ndimaphunzitsa masamu ndi makompyuta pasekondale ina yoyendera kuno kwa Mphuka, m'munsi mwa phiri la Thyolo. Ntchito yowonkhetsa malikisi a Fomu 4 imagwera ine. Poona kuchuluka kwa ana, ndidalemba kapulogalamu m'chiyankhulo cha Python koti kaziwonkhetsa malikisi ndi kusanja ana kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Kamagwira ntchito pachiwindo chakuda chija cholembapo malamulo, chopanda zithunzi.

Poyamba ndinkalemba dzina ndi malikisi a mwana aliyense pakiyibodi. Magetsi akathima, ndinkayambiranso. Nditatopa nazo, ndidasunga zonse m'fayilo, ndipo poyambitsa pulogalamu ndimangolemba kuti python malikisi.py < fomu4.txt. Kachizindikiro ka < kameneka kamauza kompyuta kuti zimene ikadamva kukiyibodi izitenge m'fayilomo.

Kumapeto kwa pulogalamuyi ndidaikako funso lakuti, "Pali wina watsala?" Tsikulo funso lidaonekadi, koma silidandidikire. Ndisadakhudze batani lililonse, mndandanda udatuluka. Ndidaukhoma pabolodi n'kumapita kunyumba.

M'mawa mwake mtsikana wina adandipeza muofesi atagwira kope pachifuwa. "Aphunzitsi, Bayoloje yanga ili kuti?" Mayi ake, omwe amathyola tiyi kuesiteti, adadwala sabata ya mayeso ndipo iye adakawadikirira kuchipatala. Pepala la Bayoloje adalemba mochedwa, malikisi ake adabwera pakapepala fayilo nditaitseka kale. Mwana wokhoza bwino adapezeka kumchira kwa mndandanda, pomwe omulipirira fizi amayang'ana nambala yomweyo asadatulutse ndalama za teremu yotsatira.

Cholakwika chidali changa. Pulogalamu yotere ili ndi khutu limodzi lokha lomvera, lomwe a makompyuta amalitchula kuti standard input. Njirayi idafala ndi Unix, yomwe Ken Thompson ndi Dennis Ritchie adayamba ku Bell Labs mu 1969. Khutulo nthawi zonse limaloza kukiyibodi, koma mukaika < mwalitembenuzira kufayilo mpaka pulogalamu itatha. Choncho yankho la funso langa idakalifuna m'fayilo momwemo, idapeza kuti mwatha zowerenga, n'kungopitirira. Zili ngati kalaliki wa pasikelo ya tiyi amene akufunsa kuti "pali wina?" maso ali m'buku, pomwe munthu waima patsogolo pake ndi dengu kumsana.

Mankhwala ake ndi mzere umodzi. Fayilo ikatha kuwerengedwa, bwezerani khutulo kukiyibodi. Pa Linux, kiyibodi mumaifikira potsegula /dev/tty, ndiye mu Python mumalemba sys.stdin = open("/dev/tty"), bola pamwamba palembedwe import sys. Pa Windows, m'malo mwa /dev/tty mumaikapo CON. Zikatero funso limaima n'kudikira munthu.

Njira ina, imene ine ndatsata tsopano, ndi yosagwiritsa ntchito < n'komwe. Pulogalamu izitsegula yokha fayilo potchula dzina lake, khutu lija litsale la kiyibodi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ndipo ngati mukulemba mndandanda wautali ndi manja, pouza kompyuta kuti mwamaliza dinani Ctrl+D pa Linux, kapena Ctrl+Z kenako Enter pa Windows.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kompyuta yanga idafunsa ndithu, koma idadyabe phula chifukwa sidadikire yankho. Fayilo imangodziwa zimene mudaiuza tsiku loisunga. Zoti mayi adagonekedwa m'chipatala, kapena kuti mtsinje udadzaza ana osaoloka, zimabwera ndi munthu.

Aphunzitsi anzanga amene mwayamba kudalira kompyuta pa malikisi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musadakhome mndandanda, chotsani dala dzina limodzi m'fayilo, muone ngati pulogalamu ikupatsani mpata wolibwezera. Kenako werengani mayina otuluka mofananiza ndi kaundula wa kalasi.

Mndandanda wachiwiri ndidaukhoma tsiku lomwelo, mtsikana uja ali m'gulu la otsogola. Ndidamupepesa pamaso pa anzake, ndipo kalata yopita kwa omulipirira fizi ndidalemba ndi dzanja langa.