Mwala Woyera wa ku Vitcos



Chikhalire Papa Leo XIV pa mpando wa Petulo Woyera, pa 8 Meyi 2025, dzina la dziko la Peru lamveka kawirikawiri m'midzi mwathu. Pakuti iye, angakhale anabadwira ku Chicago, anatumikira m'dziko limenelo zaka zambiri, nakhala Episkopi wa Chiclayo asanaitanidwe ku Roma. Ndiye wa chipani cha Augustino Woyera. Tsono mwezi uno taganiza kuti tiyende nanu ulendo wa m'maganizo, kumka ku phiri lina la ku Peru kumene ansembe awiri a chipani chomwecho anaphunzitsa katekisimu zaka zoposa 450 zapitazo. Alendo ochuluka akafika m'dzikomo athamangira ku Machu Picchu, mudzi wamiyala wotchuka pa dziko lonse. Koma ife tilambalala njira imeneyo, tikhotere ku Vitcos, kumene ofikako ali owerengeka.

Ulendo uyambira ku Cusco, mzinda umene unali likulu la mafumu otchedwa Inca. Mzindawo uli pamwamba kupambana nsonga ya Sapitwa ya ku Mulanje, pakuti Sapitwa ndi mamita 3,002 ndipo Cusco ndi pafupifupi 3,400. Chotero mlendo apuma wefuwefu masiku oyamba, ngakhale asanasenze kanthu. Galimoto itsikira ku Ollantaytambo, nikwera mpata wa phiri wotchedwa Málaga, mamita oposa 4,300, kumene mphepo ilasa mpaka m'mafupa. Pamenepo itsetsereka maola angapo kufikira kunsi kotentha, kwa minda ya khofi ndi nthochi. Pa Chaullay munthu awoloka mtsinje wa Urubamba. Malo owolokera amenewa muwasunge m'mutu, chifukwa tidzabwererapo. Kuchokera apo njira ilondola mtsinje wa Vilcabamba m'chigwa chopanikizika, nipyola mudzi wa Pucyura, nifika pa kamudzi ka Huancacalle dzuwa litapendeka. Chotsala ndi kukwera pansi, mtunda wa pafupifupi ola limodzi. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi kufikira Seputembala, mvula itakata.

Pamwamba pa chitunda pali bwalo lalikulu, ndi maphompho mbali zitatu. M'mbali mwa bwalolo muli chinyumba chachitali mamita pafupifupi 75, chimene Hiram Bingham wa ku America, pofika pamenepo m'chaka cha 1911, anachiwerengera makomo 15 kutsogolo ndi ena 15 kumbuyo. Denga kulibe, pakuti linali la udzu ngati lathu. Koma mphuthu za makomo, zosemedwa m'miyala yoyera ndi kulumikizidwa mwaluso lodabwitsa, zikuonetsabe kuti wokhala muno sanali munthu wamba.

Ndiye anali Manco Inca. Ankhondo a ku Spain, wowatsogolera Francisco Pizarro, atagwira mfumu Atahualpa mu 1532 ndi kuipha chaka chotsatira, analonga Manco ufumu, poyesa kuti adzakhala kapolo wao. Iye atalawa chipongwe chao anawaukira mu 1536, nazinga Cusco miyezi yambiri. Ndipo polephera kuulanda anathawira kumapiri kuno mu 1537. Patapita zaka zingapo, Azungu asanu ndi awiri, othawa nkhondo ya pakati pa iwo okha, anadza kudzapempha pobisala. Manco anawalandira, nawadyetsa, nasewera nao. Ndipo tsiku lina mu 1544, ali pa masewera oponya zitsulo pano pa Vitcos, alendowo anambaya ndi mipeni. Mwana wake wamng'ono, Titu Cusi, anaona ndi maso ake, nayenso analasidwa, napulumuka pothawira m'tchire. Musaiwale, abale, kuti anthu obatizidwa amene mwanayu anakhala nao pakhomo la atate wake anali otere.

Tsopano titsike pachitunda, tipyole minda yamakwerero imene makolo ao anaimanga ndi makoma a miyala m'mbali mwa phiri, tilowe m'kachigwa kachete. M'menemo muli chimene tadzera: chimwala chimodzi, m'litali mamita pafupifupi 16, msinkhu pafupifupi 8, chosemedwa mipando, makwerero ndi timitu totuluka m'mbali mwake, ndipo pansi pake patumphuka kasupe. M'chinenero chao cha Quechua achitcha Yurak Rumi, ndiko kunena mwala woyera. Apa chinenero chathu chingatinyenge, pakuti kwa ife "woyera" atanthauza ziwiri. Iwo m'dzinalo ananena za maonekedwe okha, ndipo lero ndere zaudetsa, suyeranso kwenikweni. Komabe kwa anthu a Manco malowa anali opatulika koposa onse m'chigawocho. Pambali pa mwalawo panali kachisi wa Dzuwa, ndi omtumikira, ndi nsembe.

Titu Cusi atakula nalowa ufumu, anapangana mtendere ndi a ku Spain mu 1566, nalola kuti ansembe alowe m'dziko lake. Mu 1568 anabatizidwa ndi Bambo Juan de Vivero wa chipani cha Augustino Woyera. Kaya anabatizidwa ndi mtima wonse, kaya anafuna kutchinjiriza anthu ake ku nkhondo, adziwa ndi Mulungu. Chooneka nchakuti miyambo ya makolo ake sanaisiye. Wansembe amene anatsala naye anali Bambo Marcos García, amene anamanga tchalitchi ku Pucyura nasonkhanitsa ana kuti awaphunzitse. Anali munthu wachangu, koma wa dzanja lolemera: anakwapula ana a akuluakulu, nadzudzula mitala ndi kuledzera kopanda kuyang'ana nkhope, kotero kuti makolo anakadandaula kwa mfumu. Chaka chotsatira kunadza mnzake, Bambo Diego Ortiz, amene anakhala ku Huarancalla. Uyu anali wina. Anasamala odwala, ngakhale alendo osauka ochokera kunkhalango, nawafunira chakudya ndi mankhwala, ndipo mfumu yomwe inamkonda.

Zikadapitirira chotero, mwina mbiri ikadakhala ina. Koma mu 1570 ansembe awiriwo, poona kuti ophunzira ao akali kuopa mzimu wa pamwalapo, anapangana kuthetsa nkhaniyo tsiku limodzi. Anasonkhanitsa Akhristu ao ndi anyamata amene ankawaphunzitsa, nauza aliyense kuti asenze nkhuni. Ndipo anapita ndi mtanda patsogolo, naunjika nkhunizo pozungulira kachisi ndi mwala, napemphera, nayatsa moto. Nkhaniyi anaisunga Bambo Antonio de la Calancha, wa chipani chao chomwecho, m'buku limene linasindikizidwa mu 1638, ndipo iye anaisimba mokondwera ngati chigonjetso. Buku lomwelo ndilo linatsogolera Bingham, pakuti atapeza mwala woyera pamwamba pa kasupe anadziwa kuti mabwinja a pachitunda paja ndiwo Vitcos. Ndipo mu 2008 akatswiri ofukula zakale, mmodzi wa iwo Brian Bauer, pokumba pambali pa mwalawo anapeza zizindikiro za moto m'mabwinja a nyumbazo.

Akazembe a mfumu anafuna kuwabaya ndi mikondo pomwepo. Titu Cusi anawaletsa. Anapirikitsa Bambo García m'dziko lake, koma Bambo Ortiz anamlola kubwerera ku tchalitchi chake. Taonani kuleza mtima kwa munthu amene ena akadamutcha wakunja! Koma zimene mfumu inakhululuka, anthu ake anazisunga m'mimba.

Mu 1571 Titu Cusi anapita kukalira pamalo pamene atate wake anaphedwera. Tsikulo anamwa kwambiri, natuluka thukuta pa masewera a malupanga, ndipo usiku anagwidwa ndi nthenda yolasa m'nthiti. Anampatsa mankhwala, koma kutacha anamwalira. Pomwepo kunabuka mfuwu wakuti amdyetsa chiphe. Anapha mlembi wake Martín de Pando, mwana wa Mzungu ndi mayi wa m'dzikomo, nagwira Bambo Ortiz, nammanga, namkwapula usiku wonse. M'mawa anamuuza kuti, popeza iye aphunzitsa kuti Mulungu wake aukitsa akufa, achite Misa kuti mfumu idzuke. Iye anachita Misa ndi misozi, thupi lili mabala okhaokha, ndipo mfumu sinadzuke. Pamenepo anamboola pansi pa chibwano, napisapo chingwe, namkoka masiku angapo m'njira ya miyala kufikira ku Marcanay, kumene anamkantha pamutu, nafa. Ambiri ku Peru amtcha woyamba kufera chikhulupiriro m'dziko lao.

Ku Cusco sanadziwe zimenezi miyezi yambiri. Bwanamkubwa woimira mfumu ya ku Spain, Francisco de Toledo, anatuma mthenga ndi makalata kwa Titu Cusi, osadziwa kuti anafa kale. Ndipo alonda anapha mthengayo pa mlatho wa Chuquichaca, pafupi ndi paja tinawoloka ku Chaullay. Toledo, amene analakalaka kale kuthetsa ufumu wa kumapiriwo, anapeza chifukwa. Mu 1572 analengeza nkhondo. Pa 24 Juni ankhondo ake analowa m'mudzi wa Vilcabamba, kunsi kunkhalango, naupeza wotenthedwa ndi eni ake. Ndipo mfumu yatsopano, Túpac Amaru, mbale wa Titu Cusi, inagwidwa ikuthawa pamodzi ndi mkazi wake woyembekezera. Ansembe ndi akulu a zipani ku Cusco anampempherera chifundo. Ambuye Agustín de la Coruña, Episkopi wa Popayán, nayenso wa chipani cha Augustino Woyera, anagwada pamaso pa Toledo kupempha kuti mkaidiyo atumizidwe ku Spain kwa mfumu. Toledo anakana. Pa 24 Seputembala 1572 Túpac Amaru, atalandira ubatizo, anadulidwa mutu pabwalo la Cusco, khamu la anthu ake likulira.

Tsono ife aphunzitsi, tikaima m'maganizo pamaso pa mwala umenewu, tinene chiyani? Sitingathe kunena kuti kupembedza dzuwa kuli bwino. Lamulo loyamba tiliphunzitsa sabata ndi sabata, ndipo sitilibweza. Ndiponso sitiyesa kuchepsa imfa ya Bambo Ortiz, amene anali ndi mpata wochoka pamene mnzake anapirikitsidwa, koma anatsala ndi odwala ake. Ndani mwa ife akadapirira chingwe chija? Koma za moto uja mtima wathu ukana kuvomereza. Anthu anayamba kumvera Bambo Ortiz chifukwa cha mabala amene anawatsuka. Ndipo tsiku limodzi la nkhuni linawakumbutsa kuti iye ali wa mtundu wa aja anabaya Manco. Nyumba inapsa, mwala uli chiimire, mantha a anthu sanachoke, koma anasanduka mkwiyo wodikira tsiku lake. Timakumbukira zimene Luka Woyera asimba pa mutu 9, kuti Yakobo ndi Yohane anafuna kuitana moto wakumwamba pa mudzi wa Asamariya umene unakana kulandira Ambuye. Ndipo Ambuye anawadzudzula, napita nao ku mudzi wina.

Chimene chitisautsa koposa ndi anyamata aja. Atasenza nkhuni masana, madzulo anabwerera kwa yani? Kwa amayi ao ndi agogo ao, amene anapereka nsembe pamwalapo chibadwire. Wansembe anali ndi nyumba yake yogonamo. Mwana anayenera kudya m'mbale imodzi ndi anthu amene kachisi wao anamtentha. Ife kuno sitili alendo pa zotere. Mbiri ya mishoni ya Mua isimba mikangano yowawa ya zaka za m'ma 1920 pakati pa sukulu ndi dambwe, ndipo okokedwa uku ndi uku anali ana. Pa mishoni yomweyo, mu 1976, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni, kumene miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao isungidwa ndi kufotokozedwa, kuti Mkhristu adziwe chimene akusiya ndi chimene ayenera kusunga. Ndipo ngakhale lero, m'midzi ina mwana amabwera ku kalasi ya katekisimu nanena kuti agogo ake athira ufa patsinde pa msolo. Tikamuyankha mwaukali, iye adzapita kukawanyoza, ndipo nkhalambayo sidzapondanso pakhomo la tchalitchi. Tiyesa nkwabwino kuti mwanayo timuphunzitse choona, timuletse chipongwe, ndipo ife akulu tipite tokha kukakhala pamphasa ndi agogowo, kawiri, katatu, ngakhale chaka chathunthu. Ndipo akadwala, tikhale oyamba kufika ndi phala.

Dzuwa likalowa kuseri kwa mapiri kachigwako kazizira msanga, ndipo mlendo ayenera kutsika ku Huancacalle kusanade. Kumeneko adzampatsa mbatata ya kachewere yotentha, pakuti mbewu imeneyi, imene alimi a ku Dedza ndi ku Ntcheu aidziwa bwino, kwao kwenikweni ndi kumapiri omwewa a Andes.

Zaka zisanu ndi zinayi chiphedwere Túpac Amaru, mu 1581, ku Lima kunafika Episkopi wamkulu watsopano, Turibio wa ku Mogrovejo, amene anaphunzira Quechua, nayendera midzi ya kumapiri pansi ndi pa nyulu, nasonkhanitsa Aepiskopi anzake. Ndipo mu 1584 anasindikiza katekisimu m'zinenero zitatu, cha ku Spain, Quechua ndi Aymara. Eklezia amkumbukira pa 23 Malichi. Za iye ndi za katekisimu wakeyo tidzakamba mwezi wamawa, Mulungu akalola.