Tsoka ili lokha limanunkha

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Koma ine sabata ino ndabwera ndi tsoka lina lomwe limanunkha ndithu, ndipo woyamba kumva fungo lake ndi uja mwakhala naye mpando umodzi m'minibasi. Ndikunena chiseyeye, matenda a nkhama aja.

Tiuzane zoona abale anzanga. Ambirife tikalavula magazi potsuka mkamwa sititekeseka n'komwe. Timangoti mswachiwu ngwolimba, kapena ndi nzimbe yadzulo ija. Kwa dokotala wa mano timapita pokhapokha tsaya litatupa ngati tabisamo ndimu, ndipo tikafika mawu athu ndi amodzi: "Adokotala, ingozulani basi." Chomwe sitidziwa n'chakuti nkhani ya nkhama siithera mkamwa. Imakhudzanso mtima.

Zimayamba chonchi. Tizilombo timamatirira pomwe dzino lakumana ndi nkhama. Litsiro limeneli likakhalitsa limauma gwa, moti mswachi sungalichotse. Nkhama zimatupa n'kuyamba kulekana ndi dzino, ndipo pamatsala timaenje tomwe kwenikweni ndi zilonda zosapola. Mukamatafuna, tizilombo tija timalowera pazilondapo n'kupita m'magazi. Thupi limakhala pankhondo zaka ndi zaka, ndipo akatswiri akuganiza kuti nkhondo yosathayi imathandizira kuononga m'kati mwa mitsempha, momwe mafuta amaundana mpaka kutseka njira ya magazi. Ukatsekeka mtsempha wa kumtima, munthu amangogwa. Ukatsekeka wa kuubongo, ndiye sitiroko ija.

Mwina muti mkuluyu wazitenga kuti zimenezi? M'chaka cha 1989 madokotala a ku Finland adapeza kuti anthu omwe adagonekedwa m'chipatala mtsempha wa kumtima utatsekeka anali ndi mkamwa moonongeka kuposa anzawo. Mu 1993 ku America, atatsatira anthu pafupifupi 10,000 kwa zaka zambiri, adaona kuti mwa omwe anali ndi chiseyeye chachikulu, chiopsezo cha matenda a mtima chinali chokwera ndi 25 peresenti. Mu 2010 zotsatira za ku Scotland, pa anthu oposa 11,000, zidaonetsa kuti osatsuka mkamwa kawirikawiri ankadwala mtima kwambiri kuposa otsuka kawiri patsiku.

Koma tisathamange. Bungwe la American Heart Association lidanena mu 2012 kuti matenda awiriwa amayenderadi limodzi, koma umboni woti chiseyeye ndicho chimayambitsa matenda a mtima udali usadakwane. Pajatu awiriwa ali ndi abwenzi amodzi: fodya, matenda a shuga ndi ukalamba. Ndiye wina asakasiye mankhwala a BP ati poti wagula mswachi watsopano. Ayi ndithu! Kwa ine phunziro ndi lakuti nkhama zotuluka magazi zili ngati galu wouwa usiku. Mwina wakuba si iyeyo, koma wanzeru amadzuka n'kusuzumira panja.

Pali gulu lina lomwe kwa iwo nkhaniyi ilibe "mwina". Kuno kwathu tili ndi ana ndi achinyamata omwe zitseko za mtima wawo zidaonongeka kaamba ka zilonda zapakhosi zomwe sizidachizidwe bwino. Kwa oterewa, tizilombo tochokera mkamwa tingathe kukakhazikika pazitseko zoonongekazo n'kuyambitsa matenda omwe amapha. Makolo, ngati mwana wanu adauzidwa kuchipatala kuti ali ndi vuto la mtima, mkamwa mwake muzimuyang'anira ngati khola la mbuzi, ndipo dokotala wa mano muzimuuza za mtimawo asadagwire dzino.

Vutoli si laling'ono. Bungwe la WHO lidati mu 2022 anthu oposa 1 biliyoni padziko lapansi anali ndi chiseyeye chachikulu. Kuno ku Malawi kafukufuku wa mu 2009 adapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse, mmodzi anali ndi BP yokwera. Chikhalirecho maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adayamba m'dziko muno mu 2019, ku College of Medicine ku Blantyre. Tidachedwa zedi, ndipo wakumudzi adakayendabe mtunda wautali kuti aonane ndi wodziwa za mano. A boma, pamenepa musagone.

Nanga ife titani? Tsukani mkamwa kawiri patsiku, makamaka pogona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Mswachi ukhale wofewa, ndipo uzifika pomwe dzino lakumana ndi nkhama. Magazi akatuluka musaleke kutsuka, pitirizani mofatsa. Pakatha masabata awiri osasintha, kapena dzino likayamba kugwedera, pitani kuchipatala akakupaleni litsiro louma lija. Muli komweko, pemphani akuyezeni BP ndi shuga. Fodya, wosuta ndi wodyera mkamwa yemwe, mutayeni.

Ndipo inu anzake a munthu wonunkha mkamwa, lekani kumuseka kumbali. Muitanireni poduka mphepo, mumuuze mwaulemu kuti akaonane ndi adokotala. Mwina mudzapulumutsa mano ake okha, mwinanso ndi mtima womwe.

Tionane sabata yamawa.