Msilikali wa nduwira uja adali mwana wa mlimi

Sabata yatha ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 za kubwera kwa ulamuliro wa atsamunda. Titafika pa nkhondo ya Mwase, ndidatchula kuti mwa asilikali amene adadzathira nkhondo kuno ku Kasungu kumapeto kwa chaka cha 1895 mudali Amwenye. Mtsikana wina wa pa desiki ya kumbuyo adakweza mkono.

"Aphunzitsi, Amwenye si anthu a masitolo? Nanga mfuti adazigwira bwanji? A Mwase adawalakwira chiyani?"

Anzake adaseka. Ine ndidamuyankha mothamanga poti belu lidali pafupi kulira, koma funsolo lidanditsata mpaka kunyumba. Lero ndati ndiliyankhe pano, chifukwa yankho lake likutikhudza ife alimi a fodya kuposa mmene tingaganizire.

Amwenye ambiri amene adatsegula masitolo m'dziko muno makolo awo adachokera dera la Gujarat. Asilikali aja adali ena. Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa Angerezi kuno, adawaitanitsa kuchokera ku India m'chaka cha 1891, ndipo gulu loyamba lidabwera ndi Captain Cecil Maguire, amene adafera pankhondo yolimbana ndi Makanjira chaka chomwecho. Ambiri mwa iwo adali Asikh, anthu a ndevu zosameta ndi nduwira kumutu, ochokera ku Punjab. Adamenya nawo nkhondo ya Mlozi ku Karonga, kenako adafika kuno pamene Mwase Chibisa adakana kupereka Saidi Mwazungu, wamalonda a akapolo amene adathawa ku Nkhotakota. Mwase adagonja nadzipha yekha, ndipo Angerezi adamanga linga lawo lotchedwa Fort Alston. Apo ndiye padayambira boma la Kasungu.

Tsono munthu amachoka bwanji kwawo, kuwoloka nyanja yamchere, kudzamenyana ndi mfumu imene sadaimvepo n'kale lonse? Kuti timvetse tiyenera kuona munda umene adausiya.

Dzina loti Punjab limatanthauza mitsinje isanu: Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej. Ndi chigwa chachonde cha tirigu, thonje ndi nzimbe. Angerezi asadafike, deralo lidali ndi mfumu yakeyake, Ranjit Singh, amene adalanda mzinda wa Lahore mu 1799 nalamulira mpaka imfa yake mu 1839. Msonkho udalipo, ndipo sudali wopepuka, koma nthawi zambiri unkatengedwa ngati gawo la zokolola. Chaka chikavuta, mfumu nayo inkalandira zochepa. Munda sudali katundu wogulitsa chisawawa.

Angerezi adalanda Punjab mu 1849 atagonjetsa Asikh pa nkhondo ziwiri. Adayeza minda, adalemba mwini wake m'kaundula, ndipo adalamula kuti msonkho uziperekedwa ndi ndalama, pa tsiku lake, mvula igwe isagwe. Mlimi wosowa ndalama ankapita kwa wokongoza wa m'mudzi. Kale wokongozayo sakadatha kulanda munda, koma tsopano padali pepala la umwini ndi khoti lomuthandiza. Minda idayamba kupita kwa akatapila mpaka boma lomwelo lidachita mantha, ndipo mu 1900 lidakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa malo kwa anthu a mitundu yosawerengedwa ngati alimi. Lamulolo lidateteza eni minda, koma lidatsekeranso kunja anthu a pansi amene ankagwira ntchito m'minda ya ena. Iwowo sakadathanso kugula ngakhale ndime imodzi.

Njira imene idatsala kwa mnyamata wa m'banja la ngongole kapena lopanda malo idali usilikali. Asikh oyamba kufika kuno adali a gulu lotchedwa Mazhabi, lonyozeka kwawoko, la anthu amene ambiri adalibe minda. Malipiro a usilikali ankabweza ngongole, ankamanga nyumba, ndipo wopuma pantchito ankayembekeza kupatsidwa malo. Pofika 1914 pafupifupi theka la asilikali a India linkachokera ku Punjab kokha. Msilikali amene adaloza mfuti pa mudzi wa Mwase adalibe mlandu ndi Mchewa aliyense. Adali paganyu.

Malo opatsa asilikaliwo adachokera m'ngalande. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 Angerezi adakumba ngalande zikuluzikulu zopatutsa madzi a mitsinje ija kupita m'madera ouma a kumadzulo. Chipululu chidasanduka minda ya tirigu ndi thonje, ndipo mudamera mizinda yatsopano monga Lyallpur, umene lero ukutchedwa Faisalabad. Koma amene ankasankha wolandira malo lidali boma, ndipo linkayamba ndi okhulupirika ake. Madzi adali a boma, malamulo a kalimidwe adali a boma. Mu 1907 alimi a m'ngalandemo adaukira pokana kukwera kwa mtengo wa madzi ndi lamulo latsopano lowapana, mpaka Lord Minto, wolamulira India nthawiyo, adakana kusaina lamulolo.

Ndikamawerenga zimenezi ndimaona Kasungu. Nafenso dera lathu lidatchuka ndi chuma cha m'nthaka. M'zaka za m'ma 1970 malo ambiri adasanduka maesiteti, ndipo adapita kwa anthu amene adali pafupi ndi ulamuliro. Lamulo la mbewu zapadera lidaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990. Amene adalibe chiphaso adakhala matenanti. Ambiri adachokera kutali, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Mangochi, kumene malo adali atachepa kuyambira nthawi ya thangata. Tenanti amalandira chimanga, mchere ndi feteleza pangongole, ndipo mabelo akagulidwa amauzidwa kuti watsala ndi zingati, kapena kuti ngongole yakula kuposa fodya. Fodya wabweretsa ndalama zakunja zochuluka m'dziko muno, koma pitani mukaone nyumba za amene amamusoka m'zigafa.

Ufulu utafika mu 1947, Punjab idadulidwa pakati, mbali ina ku India, ina ku Pakistan. Anthu mazanamazana a zikwi adaphedwa ndipo mamiliyoni adathawa m'midzi yawo. Asikh a ku Lyallpur adasiya minda imene makolo awo adaswa mphanje. Komabe pasadathe zaka makumi awiri, Punjab ya ku India idadzukanso. Sukulu ya ukachenjede ya zaulimi idatsegulidwa ku Ludhiana mu 1962, kudabwera mbewu zatsopano za tirigu, feteleza, mapampu, ndipo boma lidalonjeza kugula tirigu ndi mpunga pa mtengo wodziwika mlimi asadakolole. Kadera kakang'ono, kosafika magawo awiri pa 100 aliwonse a malo a India, kadayamba kudzaza nkhokwe za dziko lonselo.

Ulemerero umenewu udadza ndi mtengo wake. Mpunga umamwa madzi ambiri, ndipo poti magetsi a mapampu akhala aulere kuyambira 1997, madzi a pansi pa nthaka akutsika chaka ndi chaka. Zitsime zikukumbidwa mozama, nthaka yatopa, ngongole za thalakitala ndi mankhwala zakula. Achinyamata akugulitsa minda kuti apeze ndalama zopitira ku Canada. Agogo awo ankachoka ndi mfuti, iwo akuchoka ndi pasipoti. Kodi sizikufanana ndi anyamata athu amene amakwera basi ya ku Joni msika wa fodya ukangotsekedwa?

Pali chinthu chimodzi chimene alimi a ku Punjab adaphunzira ndipo ife sitidachigwire. Mu 2020 boma la India litapanga malamulo atatu osintha kagulitsidwe ka mbewu, iwo adaopa kuti mtengo wotsimikizika uja utha. Adakwera mathalakitala, adakamanga misasa m'misewu yolowera ku Delhi, ndipo adakhala pamenepo kwa chaka chathunthu, m'chisanu ndi m'dzuwa, akudziphikira okha. Mu November 2021 nduna yaikulu Narendra Modi idalengeza kuti malamulowo achotsedwa. Sindikunena kuti titseke msewu wa M1. Ndikunena kuti iwo amadziwa mtengo wa thumba lawo, ndipo amalankhula ndi pakamwa pamodzi. Ife aliyense amalira payekha pa Chinkhoma belo lake likabwezedwa, kenako amakaligulitsa kwa mavenda usiku.

Masiku ano tikumva za ulimi wa mthirira, minda ikuluikulu, soya ndi mtedza m'malo mwa fodya. Zonsezi n'zabwino, ndipo ine ndikuzifuna. Koma Punjab idalandira ngalande zaka zoposa 100 zapitazo, idalandiranso mbewu zamakono, ndipo mlimi wake akadali m'ngongole. Tisanaombe m'manja tifunse mafunso atatu. Malowo akhala a yani? Ngongole ya zipangizo apereka ndani, pa chiwongoladzanja chanji? Nanga mtengo adzaika ndani? Ngati mayankho ake ali omwe aja a fodya, ndiye kuti tangosintha mbewu, tenanti ndi yemwe uja. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mtsikana wa funso uja ndi mwana wa tenanti pa esiteti ina kufupi ndi sukulu yathu. Teremu yachiwiri amajomba masabata angapo chifukwa chosoka fodya, ndipo mchimwene wake adasiyira Fomu 2 n'kupita ku South Africa. Lolemba ndidamupatsa yankho lonseli. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenako adafunsa ngati msilikali uja adakaupeza munda wake atabwerera kwawo.

Ndidamuuza kuti ena adapatsidwa, ena adabwerera kukalima m'minda ya eni, ndipo ena adatsala m'manda a dziko lino. Adalemba m'kope mwake, osanena kanthu. Mawa lake sadabwere ku sukulu. Anzake akuti kunyumba akudinda mabelo.