Chenjezo likuthera pa foni, madzi akuthera m'nyumba

Abale anga a kuno ku Chia ndi nonse amene mumawerenga tsamba lino, lero sindilemba za mtengo wa mpunga. Ndikufuna tikambe za liwu limodzi limene latikwana: "kuyesa". Dzinja likamayandikira timamva kuti kwabwera pulojekiti yoyesa njira zochenjezera anthu za madzi osefukira, mphepo ndi mphenzi. Ikatha kumabwera ina, nayonso yoyesa. Mwana wa Sitandade 8 akalemba mayeso, pakapita miyezi mayina amatuluka, wakhoza amadziwika. Nanga mayeso amene akulembera pa miyoyo yathuwa, zotsatira zake amakazimata pa khoma la ofesi iti?

Ndiyambe ndi zabwino, kuopa wina angati mlimi wa ku Chia akudana ndi sayansi. Mu 2017 kunayamba pulojekiti ya M-CLIMES, ya ndalama zoposa madola 12 miliyoni zochokera ku Green Climate Fund kudzera ku UNDP, yoyendetsedwa ndi DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Anaika makina oyeza nyengo odziyendera okha, zida zozindikira mphenzi, zoyeza kuchuluka kwa madzi m'mitsinje, komanso zida ziwiri zoyandama pa nyanja zoyeza mphepo ndi mafunde. Nkhotakota inali m'gulu la maboma anayi amene asodzi ake ankayenera kulandira machenjezo a mwera, pamodzi ndi Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Inalinso m'gulu la maboma asanu ndi atatu amene mitsinje ina anaiika zida zoti madzi akakwera kumtunda, anthu akumunsi adziwe msanga. Zimenezi si nthano, ndipo anthu a zanyengo masiku ano amalosera bwino kuposa mmene zinalili tili ana. Akanena kuti mwera ukubwera Lachinayi, nthawi zambiri umabweradi.

Ndiye vuto lili pati? Vuto ndi lakuti ndalama ndi nzeru zonse zikuthera pa kudziwa, pomwe chimene chimapha munthu si kusadziwa kokha.

Kumbukirani Freddy, Malichi 2023. Namondwe ameneyu anayendayenda pa nyanja ya Indian Ocean kopitirira mwezi, dziko lonse likumuona. Wailesi zinalengeza masiku angapo asanafike. Komabe anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa, ena oposa 500 osapezeka, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Anthu a ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ambiri anali ndi mafoni ndi mawailesi kuposa ife kuno. Uthenga woti kukubwera mvula yamphamvu unalipo. Chinalibe ndi yankho la funso limene munthu aliyense amafunsa akamva chenjezo: ndipite kuti, ndi ndani, katundu wanga ndimusiyire yani, nanga ndikadya chiyani kumeneko?

Chaka chotsatira zinafika kwathu. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, anthu oposa 14,000 anakhudzidwa m'boma lino, ena anamwalira, msewu wa M5 unaduka. Ngati tikuyesadi, tsiku limenelo ndiye linali la mayeso. Choyenera chinali choti madzi ataphwa, akuluakulu abwere pa bwalo la mfumu anene poyera: chida chinalira nthawi yakutiyakuti, uthenga unafika kwa anthu angati, maola angati madzi asanafike, ndipo amene sanaumve anali ati. Lipoti lolembedwa m'Chingerezi lopita kwa opereka ndalama silitithandiza. Amene anagona m'makalasi a sukulu ndi amene ayenera kumva kaye.

Tsopano ndibwere pa Chia penipeni, chifukwa madzi athu ali ndi khalidwe lawo limene munthu wokhala pa kompyuta ku Lilongwe sangalione. Kuno madzi amatiukira mbali ziwiri. Ena amatsika ndi mitsinje ngati Lifuliza ndi Likoa kuchokera kumtunda cha ku Ntchisi. Amenewo ndi a liwiro, mvula itha kugwa kumapiri usiku kuno nyenyezi zili mbee, m'mawa dambo ladzaza. Koma pali madzi ena osachita phokoso: nyanja yaikulu ikakwera imakankha madzi kulowa m'Chia kudzera pa khwawa la pa mlatho paja, ndipo a m'mitsinje amasowa kotulukira. Mu Epulo 2024 nyanja ya Malawi inakwera kupitirira mamita 476, zimene zinali zisanaonekenso kwa zaka zambiri. Madzi amenewo sanabwere usiku umodzi. Ankakwera pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, kudya munda mzere ndi mzere. Mpunga umakonda madzi, inde, koma ukamira mpaka kunsonga umafa ngati mbewu ina iliyonse. Chinangwa ndiye osanena, chikakhala m'madzi masiku ochepa chaola, kondowole wa chaka chonse wapita.

Madzi oterewa safuna uthenga wa maola awiri. Safuna wenzulo. Amafuna munthu woti mu Okutobala kapena Novembala, tisanafese nazale, atiuze kuti: chaka chino nyanja yayamba dzinja ili pamwamba, isanaphwe bwino, ndiye amene muli ndi minda ya kunsi kwenikweni ganizirani kawiri. Kukwera kwa nyanja kumayezedwa tsiku ndi tsiku. Ku Liwonde kuli Kamuzu Barrage kumene amatsegula ndi kutseka zitseko poyang'ana manambala omwewo. Manambala alipo, a magetsi amawagwiritsa ntchito. Chifukwa chiyani safika kwa mlimi wa Kilombero ndi Faya amene wakongola ndalama ku banki m'khonde kuti alipire aganyu owokera? Amati ali ndi makina othandiza kupanga ziganizo. Chabwino. Koma chiganizo cha ndani? Cha bwana woti atumize matenti angati madzi atalowa kale, kapena cha mayi woti awokere pati? Chiganizo chachikulu pa nkhani ya madzi chimapangidwa ndi munthu wogwira khasu, ndipo iyeyo ndi amene makinawo samuona.

Za asodzi ndiye zimandipweteka kwambiri. Chenjezo la mwera limafika pa foni, eya. Foni ya ndani? Kawirikawiri ya mwini boti ndi ukonde, amene amagona kumtunda. Opita pa madzi ndi anyamata amene malipiro awo ndi gawo la nsomba zimene agwira. Sanapite, sadya. Mwini wake wagula kale mafuta pa ngongole, usipa ukuoneka, mtengo uli bwino. Mukuganiza kuti uthenga wa mizere itatu ungapose ngongole? Mnyamata akakana, mawa malo ake atenga wina. Ndiye tikamva kuti bwato latembenuka timati asodzi ndi osamva. Osamva bwanji, poti amene anamva si amene anamira?

Komanso chenjezo loti "pa nyanja ya Malawi pakhala mwera" ndi lotakata mopitirira. Nyanjayi kutalika kwake ndi makilomita oposa 500. Mphepo ya ku Monkey Bay si ya ku Chia, ndipo m'kati mwa Chia momwe ndi mosiyana ndi kunja ukangodutsa pa mlatho. Msodzi akakhala kumtunda masiku awiri chifukwa cha chenjezo, nyanja n'kukhala bata, anzake n'kubwera ndi nsomba, ulendo wachitatu sadzamveranso. Si umbuli umenewo, ndi masamu a m'mimba. Ngati zida zoyandama zija zikugwira ntchito, tiuzeni za dera lathu, nthawi yake, ndi kukula kwa mafunde m'mawu amene munthu wa bwato angamve. Ndipo komiti ya pa doko ipatsidwe mphamvu yoti tsiku loopsa inene kuti lero palibe boti lichoke, mwini wake afune asafune. Majekete oyandamitsa munthu akhale lamulo pa boti lililonse lolemba anthu ntchito, ogula akhale mwini boti. Zimenezi sizifuna satelayiti.

Nkhani ya foni ndiifupikitse, nonse mukuidziwa. M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ili m'thumba la bambo, bambo ali ku msika. Mvula ikagwa masiku atatu sola sitchaja. Madzi a mtsinje amakonda kubwera usiku. Chimene chimadzutsa mudzi 2 koloko ya usiku ndi ng'oma, belu la tchalitchi, chimkuzamawu cha pa mzikiti, ndi mnyamata wothamanga khomo ndi khomo amene akudziwa nyumba imene muli gogo wosayenda. Wailesi ya Nkhotakota Community Radio imafika kumene intaneti sifika. Makomiti a m'midzi oona za ngozi alipo, anthu ongodzipereka, koma pitani mukafunse kuti mayunitsi oimbira anzawo akumunsi amagula ndani. Amagula okha. Chimkuzamawu cha m'manja anapatsidwa, mabatire anatha chaka chomwecho. Pamene ndalama ya msonkhano umodzi wa masiku atatu ku malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndi ma alawansi ake, ingagule mabatire ndi mayunitsi a makomiti a dera lonse. Timawaona magalimoto akudutsa pa mlatho, amaima kugula chambo, ulendo.

Wina anena kuti dziko lathu ndi losauka. Tamverani za Bangladesh. Mu 1970 namondwe anapha anthu osachepera 300,000 kumeneko. Dziko losauka, lodzaza anthu, la madzi okhaokha. Lero anamondwe akulu amabwerabe koma omwalira ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Sanangogula makina. Ali ndi anthu odzipereka masauzande ambirimbiri oyenda ndi mbendera ndi zimkuzamawu mudzi ndi mudzi, anamanga nyumba zolimba zothawirako zimene masiku wamba zimakhala sukulu, ndipo m'malo ena anaunjika zitunda zoti ziweto zikwerepo. Anazindikira kuti munthu sathawa kusiya ng'ombe yake. Ifenso ndi chimodzimodzi. Munthu sangasiye matumba khumi a mpunga, mbuzi ndi malata chifukwa cha uthenga wa pa foni, akudziwa kuti akuba nawonso amva chenjezo lomwelo. Muuzeni kuti malo othawirako ndi awa, mpunga wanu musunga m'chipinda ichi chokhoma, mbuzi zikhala apa, achitetezo a m'mudzi azilondera, muona ngati akana. Ndipo thandizo limene mumabweretsa madzi atagwetsa kale nyumba, gawo lina libwere chenjezo likangotuluka, munthu alipire ngolo yosamutsira katundu. Thumba la ufa lofika pakatha sabata ziwiri silidzutsa khoma.

Nafenso tisadziyeretse. Pali anthu pakati pathu amene amaba masola ndi mabatire pa zida zoyezera madzi, kukagulitsa kuti azionetsera mpira. Munthu wotero wagulitsa tulo ta mudzi wonse wakumunsi, ndipo amene wagula akumudziwa. Pali olima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, odula mitengo kumtunda mpaka Chia kudzaza matope. Zimenezo mafumu athu azigwire, asadikire mlendo. Koma chida chimene anthu sanauzidwe kuti ndi chawo, chimene chinangoikidwa ndi anthu a galimoto n'kujambulitsa, chimakhala cha boma, ndipo mukudziwa mmene timasamalira za boma.

Mu 2022 mkulu wa United Nations, António Guterres, ananena kuti pofika 2027 munthu aliyense pa dziko akhale wotetezedwa ndi njira yochenjezera. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo yathu inakhazikitsa lamulo latsopano la za ngozi, kulowa m'malo mwa lija la 1991 limene linabwera madzi ndi miyala zitakokolola anthu ku Phalombe. Malonjezo alipo, lamulo lilipo. Tsono pulojekiti iliyonse ili ndi tsiku lotseka, pomwe Lifuliza alibe. Galimoto zikapita, batire la chida cha pa mtsinje likafa, agula ndani? Ngati yankho silili mu bajeti ya khonsolo ya Nkhotakota, ndi dzina la munthu woyankha, ndiye kuti sitinamange kanthu, tangobwereka.

Akhansala athu ndi a ADC, mvula isanayambe itanitsani msonkhano pa Chia, osati ku boma, pompano. Abwere a zanyengo, a zamadzi, a zausodzi ndi alangizi. Atiuze zida zimene zikugwira ntchito lero ndi zimene zinafa, nyanja ili pati poyerekeza ndi chaka chatha, ndipo mudzi uliwonse uthawire kuti. Achite tsiku losakhala la msika, masana, kuti amayi a kudimba ndi anyamata ogona pa madzi akhalepo. Ine ndibwera ndi kope, ndipo zimene adzayankhe ndidzazilemba pompano.