Tiusiyire Malo Ake Mtsinje wa Domasi Tauni Isanafike

Aliyense amene adayenda pa mseu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde zaka 15 zapitazo, ndipo wayendaponso chaka chino, avomereza kuti tauni ili paulendo. Kale munthu akangopitirira pa Chinamwali ankaona minda ya chimanga ndi mitengo ya mango mpaka kukafika pa Songani. Lero nyumba za malata, magolosale, zigayo ndi mipanda ya njerwa zandandalika m'mbali zonse ziŵiri za mseu, ndipo pa Songani, pa Domasi ndi pa Malosa nyumba zikumera ngati udzu wa m'dzinja. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mumzinda wa Zomba mudali anthu oposa 105,000. Mzindawu udatsamira phiri, choncho ukafuna kukula umatsata miseu, ndipo umodzi mwa miseuyo ndi umene umadutsa kwathu kuno ku chigwa cha Domasi.

Ine sindikudana nacho chitukuko chimenechi. Mwana amene wamaliza Fomu 4 amafuna pogulitsira malonda ake, ndipo mphunzitsi ngati ine amalota tsiku limene adzaleke kulipira lendi. Koma tauni ikamafika imabwera ndi chingwe choyezera mapuloti, ndipo chingwecho sichidziŵa kuti apa n'padambo, apa n'pagombe la mtsinje, apo n'patsinde pa phiri. Maganizo anga ndi akuti tilembe malire a madzi tsopano lino, malo asanagulitsidwe, pakuti mizinda ina ya dziko lapansi ikutaya ndalama zankhaninkhani kuti ibwezeretse zinthu zimene ife tikadali nazo popanda kulipira kanthu.

Tiyeni tiyambe taona mmene chigwa chathu chimagwirira ntchito. Mtsinje wa Domasi umayambira pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa, nutsika kudzera kufupi ndi mishoni imene Alexander Hetherwick adatsegula mu 1884, nudutsa mseu waukulu, nukathirira mpunga wa pa sikimu ya Domasi, kenaka nukathera m'madambo a nyanja ya Chilwa. Mvula ikagwa pamwamba pamene pali nkhalango, masamba amayamba aichingamira kuti isamenye nthaka ndi mphamvu yake yonse. Zinyalala zoola za pansi zimamwa madzi monga limachitira thonje, mizu imatsegula tinjira toti madziwo aloŵere pansi, ndipo amadzatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka mwezi wa Okutobala. Dambo nalo ndi nkhokwe ya madzi: mtsinje ukadzaza umakhuthulira m'menemo zotsala zake, ndipo dambolo limabweza mwaulemu chilimwe chikafika. Bango, nsungwi, mikuyu ndi katope za m'mbali mwa mtsinje zimagwira gombe kuti lisagumuke, ndiponso zimasefa matope. Zitatu zimenezi, nkhalango, dambo ndi gombe, ndizo zimachititsa kuti mvula ya tsiku limodzi itsike kwa milungu ingapo m'malo mwa maola aŵiri. Zikachoka, dzinja timamira, chilimwe timakumba mchenga kufuna madzi akumwa. Ndipo tisaiŵale kuti nyanja ya Chilwa, imene imatipatsa matemba, makumba ndi mlamba, ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo idaphwerapo mu 1968 ndi mu 1995, nichepanso koopsa mu 2018. Chimene tichita kumtunda kuno msodzi wa ku Kachulu amachimva m'mimba.

Tsopano tiike nyumba pamalopo. Aphunzitsi anzanga a masamu, tayesani kupereka funso ili ku Fomu 2. Denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi likalandira mvula ya mamilimita 50, imene ku Zomba kuno imatha kugwa madzulo amodzi, limatsitsa malita 4,000. Zimenezo ndi ndowa 200 za malita 20. Pamaloŵa pakadakhala udzu, ambiri mwa madziwo akadaloŵa pansi. Koma bwalo talisesa mpaka kuuma gwa, kapena talithira simenti kuti alendo aone kuti ndife otsogola, choncho madzi onse amathamangira kumseu. Nyumba 100 zoterezi zimatumiza malita 400,000 ku kangalande kamodzi kamene kadadzaza kale ndi mchenga ndi mapepala a pulasitiki. Madzi akaloŵa m'nyumba za kumunsi timati mvula yachuluka masiku ano. Zoona, nyengo yasintha: akatswiri amatiuza kuti mpweya ukatentherapo ndi digiri imodzi umasenza chinyezi chochulukirapo ndi magawo 7 pa 100 alionse, ndiye chifukwa chake mvula ikumabwera yochuluka nthaŵi imodzi. Koma mbali ina ya mlanduwu ili pakhomo pathu pomwe.

Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa, ndipo anthu a ku Zomba sayenera kuphunzitsidwa mwambi umenewu. Mu Disembala 1946 mvula ya pafupifupi mainchesi 28 idagwa pasanathe masiku aŵiri, phiri lidagumuka, miyala ndi matope zidatsika m'makwaŵa n'kukokolola milatho ndi nyumba mumzinda umene panthaŵiyo udali likulu la dziko. Agogo athu adati wadutsa Napolo. Mu Malichi 1991 zidachitikanso ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa. Pano ndifuna ndinene chilungamo, chifukwa ena mwa ife okonda mitengo timalonjeza zimene mitengo singathe. Mu 1946 mapiri adali ndi mitengo yambiri kuposa lero, komabe adagumuka. Nkhalango imachepetsa ukali wa madzi ndipo imaletsa zigumula zambiri zazing'ono, koma mvula ikapyola muyeso palibe muzu umene ungagwire phiri. Chimene chimapulumutsa anthu patsiku lotero n'chakuti m'njira ya madzi musapezeke nyumba. Makolo athu ankadziŵa makwaŵa amene Napolo amadzera, ndipo sankamangamo. Ife amene tidaphunzira jogalafe ndife tikumangamo.

Kunja ena adazindikira zimenezi atalipira kale mtengo wake. Ku Singapore mtsinje wa Kallang adaumangira ngalande yoongoka ya konkire poganiza kuti madzi azithamanga kuchoka mumzinda. Pambuyo pake adaphwanya konkireyo pamtunda wa makilomita pafupifupi 3 m'paki ya Bishan, naubwezera mtsinjewo mapindi ake ndi magombe a udzu, ndipo ntchitoyo idatha mu 2012. Masiku opanda mvula ana amaseŵera pagombepo. Mvula ikachuluka madzi amasefukira paudzupo popanda kuononga nyumba ya munthu. Wina anena kuti amenewo ndi anthu olemera. Chabwino, tiyeni ku Kigali, m'dziko la mapiri ndi alimi ngati lathu. Kumeneko dambo la Nyandungu, la mahekitala oposa 100, limene lidaonongeka ndi ulimi, ziŵeto ndi ntchito zina, adalikonzanso nabzalamo mitengo yachilengedwe, ndipo adalitsegula mu 2022 kuti likhale posungira madzi a mvula komanso popumulira anthu a mumzinda. Onani kusiyana kwake: iwo adayenera kuphwanya, kusamutsa ndi kukumba. Ife ku Domasi ntchito yathu yaikulu ndi kungoleka kugulitsa malo amene si athu, ndi a madzi.

Nanga kulemba malire a madzi kumene ndikunenaku n'kutani? Choyamba, mafumu, khonsolo ndi eni midzi ayende pamodzi m'mbali mwa Domasi ndi timitsinje tothiramo, atenge nkhalamba zimene zikukumbukira pamene madzi adafika m'zaka za chigumula, akhome zikhomo pamenepo. Kumunsi kwa zikhomozo kukhale kwa bango, nsungwi, mabwalo a mpira ndi msipu, zinthu zimene madzi akazimiza masiku aŵiri palibe amene amaika maliro. Dambo lisaumbidwe njerwa kapena kukwiriridwa ndi zibuma kuti pamangidwe nyumba. Ndidaona ndi maso anga mnzanga wina akugula puloti yotsika mtengo mwezi wa Seputembala, pouma mbee. Pofika Febuluwale chimbudzi chake ndi chitsime chake zidali dziŵe limodzi, ndipo wogulitsa uja adangoti mvula ndi ya Mulungu. Malo, anzanga, aziwaona m'dzinja. Pakhomo paliponse pakhale mtengo wa mthunzi, mzere wa vetiva potsetsereka, ndi dzenje kapena thanki yolandira madzi a padenga kuti asatuluke m'mpanda ali ndi liŵiro. Za mtengo wa mthunzi sindifunika kunena zambiri: aliyense amene adaphunzitsapo masana a Okutobala m'kalasi ya malata yopanda siling'i amadziŵa chifukwa chake ana amapempha kuti tikaphunzirire pansi pa mbaŵa.

Ndikudziŵa yankho limene ndilandire, ndipo si lopepuka. Munthu amene amatsika m'phiri la Malosa m'bandakucha atasenza thumba la makala pa njinga sachita zimenezi chifukwa chodana ndi mitengo. Amene amalima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kapena kukumba mchenga mumtsinje, ali ndi ana ofuna fizi, mwina ana omwewo amene ndimawaphunzitsa. Ndipo makalawo amagula ndani? Ndife apantchito a m'tauni, amene madzulo timaphikira pa mbaula kenaka m'maŵa n'kukaphunzitsa za kuipa kwa kudula mitengo. Kuuza mmphaŵi kuti asunge nkhalango kuti madzi a m'mipopi ya ena asaphwe, iye osapindulapo kanthu, ndi kumusenzetsa katundu wa eni ake. Mzinda wa New York udachita pangano mu 1997 ndi anthu a m'dera la mapiri a Catskill, kumene kumachokera madzi ake ambiri, kuti uzipereka ndalama zotetezera nkhalango ndi mitsinje ya kumeneko, chifukwa udaŵerenga nupeza kuti zimenezi n'zotsika mtengo kuposa kumanga makina akuluakulu osefera madzi. Mzinda wa Zomba umamwa madzi a damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Sikimu ya mpunga ndi maiŵe a nsomba a boma pa Domasi zimadalira madzi a m'chigwa chino. Kodi n'chosatheka kuti kagawo kochepa ka ndalama zimene amadzi amatolera kazibwerera kwa midzi imene imalondera nkhalango ndi kuzimitsa moto wa tchire? Popanda chinthu chotere, zikhomo zathu zija zidzazulidwa usiku n'kukakhala nkhuni.

Pali chizoloŵezi chimodzi chimene ndikufuna tichiunikenso, ndicho mwambo wobzala mitengo. Chaka ndi chaka nyengo yobzala ikatsegulidwa timavala mayunifolomu, alendo olemekezeka amabzala mbande imodzi, timaomba m'manja, timajambulitsa. Pofika Ogasiti mbuzi, chiswe ndi moto zamaliza ntchito yawo, ndipo chaka chotsatira timakumbanso maenje omwe aja. Timaŵerenga mitengo imene tabzala, sitiŵerenga imene yapulumuka. Komanso si mtengo uliwonse woyenera paliponse: bulugama ndi wabwino pa milimo ndi nkhuni, koma pafupi ndi kasupe ndi mlendo wa ludzu lalikulu. Anzathu a ku Sadzi mumzinda wa Zomba adationetsa njira ina. Phiri lawo lidali litameteka, miyala ndi matope zinkatsikira m'nyumba. Atagwirizana zoleka kulima ndi kudula paphiripo ndi kuliteteza ku moto, zitsa zakale zidaphukanso zokha. Chitsa cha msuku kapena cha muwanga chili kale ndi mizu yakuya imene mbande ya ku nazale ingatenge zaka zambiri kuti ikhale nayo. Chimangofuna kuti tichileke.

Domasi ndi malo a aphunzitsi kuyambira masiku a sukulu ya Jeanes. Pano pali koleji yosula aphunzitsi a sekondale, pano pali Malawi Institute of Education kumene amakonza silabasi ya dziko lonse. Zingakhale zamanyazi kuti ana a ku Chitipa ndi ku Nsanje aphunzire za kusamala magwero a madzi m'mabuku okonzedwa pa Domasi, pamene mtsinje wodutsa pafupi ndi ofesi zomwezo ukufiira ndi matope chaka ndi chaka. Sukulu iliyonse ya m'chigwa muno itenge chigawo cha gombe choyandikana nacho, ichiyeze, ilembe mitengo imene ilipo, ndipo iike ndodo ya manambala poolokera kuti ana azilemba pamene madzi afika mvula ikagwa. Inu amene mwamaliza sukulu ndipo mukudikira ntchito, mafoni amene muli nawowo angathe kujambula ndi kusunga malo a zikhomo zija, kuti mfumu ikadzasintha kapena wogula wa galimoto akadzafika, umboni udzakhalepo. Kalasi langa la Fomu 3 layamba kale ndi mamita 200 a kamtsinje ka kuseri kwa sukulu yathu. Taŵerengamo mikuyu 4, zitsa 31 zimene zikuphukira, ndi ng'anjo 2 za njerwa zimene mwini wake tikukakambirana naye Loŵeruka likudzali pamaso pa a nyakwaŵa.